MMISIRI WA LUSO M'DZIKO LA FODYA: PHUNZIRO LA KU KASUNGU

Mau oyamba

Munthu woyenda pa mseu wa M1 kuchokera ku Lilongwe akangooloka mtsinje wa Bua amadziwa kuti wafika m'boma la Kasungu, kumene fodya ndiye mfumu ya mbeu zonse. Maso ake amaona zigafa, mabalani ndi minda yotambalala mpaka kumene thambo lakumana ndi nthaka. Koma pali zina zimene maso amaona osaziganizira: dzina la golosale lolembedwa bwino pa khoma, chithunzi cha mutu wometedwa pa chitseko cha ometa tsitsi, tambala wojambulidwa kumbuyo kwa ngolo, mitondo ndi mipini yondandalikidwa pa msika, mbaula ndi ndowa za malata. Chilichonse mwa izi chinatuluka m'manja mwa munthu amene ali ndi dzina, banja ndi ngongole zake.

M'phunziro lino tiona moyo wa munthu ameneyu, makamaka amene wangoyamba kumene: m'mene amaphunzirira, m'mene tsiku ndi chaka chake zimayendera, ndiponso zimene zingamugwetse kapena kumuimiritsa. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa pafupifupi m'banja lililonse ndi m'kalasi iliyonse muli mwana amene manja ake sakhala chete. Tsogolo la mwana wotere lili m'manja mwa makolo, aphunzitsi ndi ansembe amene akuwerenga magazini ino.

Luso si mlendo ku Kasungu

Tisaganize kuti luso linabwera ndi sukulu kapena ndi alendo ogula ziboliboli. M'nkhalango ya Kasungu National Park muli miyala imene anthu akale anajambulapo zithunzi, ndipo mulinso zotsalira za ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa. Zithunzi za m'mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza zinalembedwa m'kaundula wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Chaka cha 2005 bungwe lomwelo linali litalemekeza kale Gule Wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kuseri kwa guleyu kuli amisiri odziwa kusema, kuluka ndi kusakaniza mitundu, ngakhale mwambo sulola kuti maina ao atchulidwe poyera.

Amai nao ali ndi luso lao lakale. Amaumba mbiya, mitsuko ndi nkhali, ndipo akamaliza kuzira nyumba ena amakongoletsa khoma ndi katondo, phulusa ndi makala. Motero mnyamata kapena mtsikana amene lero wagwira burashi sakuyamba chinthu chatsopano iai. Akupitiriza ntchito imene inalipo fodya wa malonda asanafike.

Amayamba bwanji?

Mmisiri sayambira m'shopu. Amayambira ku dambo, akuumba ng'ombe zadothi pamene akuweta mbuzi. Amayambira pa galimoto ya mawaya, pa gitala ya chigubu, pa zithunzi za kumapeto kwa kope la masamu. Ku pulaimale mphunzitsi akafuna mapu a Malawi kapena chithunzi cha mtima wa munthu pa bolodi, amaitana mwana yemweyo. Apa ndi pamene mphatso imaonekera, ndipo apa ndi pamenenso imafera kawirikawiri, chifukwa kwao amamuuza kuti akuononga makope ndi nthawi.

Boma la Kasungu lili ndi chitsanzo chodziwika dziko lonse. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha njala ya 2001 mpaka 2002, pamene makolo ake analephera kulipira fizi. Mu 2002, ali ndi zaka 14, anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi kuchokera ku njinga yakutha, mapaipi ndi zitsulo zotola. Anthu ena ankamuyesa wopenga. Buku la moyo wake linatuluka mu 2009 ndipo filimu yake inatuluka mu 2019. Iye ndi katswiri wa makina, osati wojambula, komabe muzu wake ndi womwewo: mwana amene amaona chinthu chatsopano m'zimene ena ataya.

Amene wapirira amapeza mmisiri wamkulu woti amuphunzitse. Miyezi yoyamba sagwira ntchito yooneka. Amatsuka maburashi, amasakaniza penti, amanola zida, amakwecha ndi sandipepa mpaka zala kutupa, ndipo malipiro ake ndi nsima ya masana. Ambiri amathawa pamenepa, poiwala kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira 1999 dziko lathu lili ndi bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, koma amisiri ochuluka a m'midzi amaphunzirabe pa khonde la mmisiri mnzao, poona ndi poyesa.

Tsiku la mmisiri

Choyamba tidziwe kuti mmisiri wa kumudzi ndi mlimi. M'dzinja amalawirira kumunda ngati wina aliyense, ndipo luso limadikira mpaka dzuwa litapendeka.

Wolemba zikwangwani amakwera njinga n'kuzungulira malo a malonda monga Chinkhoma, Santhe, Chamama, Mtunthama, Chatoloma kapena Nkhamenya, kufunafuna khoma latsopano. Akapeza ntchito amayamba wayesa khomalo ndi chingwe ndi choko kuti zilembo zikhale pa mzere umodzi ndiponso kuti dzina lisathere panjira. Ayenera kudziwa kalembedwe koyenera ka Chichewa ndi Chingerezi, pakuti chilembo chimodzi cholakwika chimakhala pa khoma zaka zambiri, aliyense wodutsa n'kumaseka mwini sitolo pamodzi ndi wolembayo. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene mwana waluso sayenera kusiyira sukulu.

Wosema amayamba ndi kusankha mtengo. Mtengo wauwisi umang'aluka ukamauma, ndipo ntchito ya sabata yonse imatha kuonongeka usiku umodzi. Choncho amausiya pa mthunzi kuti uume pang'onopang'ono. Amaupungula ndi nkhwangwa, amaupatsa maonekedwe ndi kasemasema, amalowa m'makona ndi tchizulo ndi mpeni, kenaka amakwecha ndi kupaka polishi. Zimene zimamudyetsa tsiku ndi tsiku si ziboliboli zokongola, koma mipini, mithiko, zipande, mitondo, mipando ndi bawo.

Woumba mbiya amakatapa dongo kutali, nalisenza pamutu. Amalisinja, amachotsa timiyala, amalikanya, amaumba, amasalaza ndi nkhulungo, nayanika pa mthunzi masiku angapo asanaotche. Pootcha ndi pamene mtima umakhala m'mwamba, chifukwa mbiya imene inatsala ndi chinyezi imaphulika pamoto. Ntchito imeneyi imayenda bwino m'chilimwe, pamene kulibe mvula ndiponso kumunda kwapepuka.

Chaka cha mmisiri chimatsata fodya

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Mmisiri wa ku Kasungu, ngakhale asalime phata limodzi la fodya, moyo wake umayenda ndi kalendala ya fodya, chifukwa ndalama za makasitomala ake zimachokera kumeneko.

Cha mu Sepitembala alimi amafesa nazale ndipo ndalama zonse zimapita ku mbeu, feteleza ndi mankhwala. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala amaokera. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nthawi yothyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa, kapena kusonkhezera moto usiku wonse m'mabalani. Miyezi imeneyi ndi yomwenso nkhokwe zimakhala zitapepuka. Palibe munthu amaganiza zolembetsa dzina la sitolo pamene ana agona ndi njala. Kenaka amasankha masamba, amadinda mabelo ndi jeke, ndipo cha mu Epulo misika ya fodya imatsegulidwa ku Chinkhoma, ku Kanengo, ku Limbe ndi ku Mzuzu.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti dziko limasintha. Anthu amagula malata ndi njinga, amatsegula magolosale, amamanga ziliza za abale ao, amachita maukwati ndi zinamwali. Aliyense akufuna mmisiri, ndipo akumufuna lero lomwe. Tsono mmisiri ayenera kupeza m'miyezi inai kapena isanu chakudya cha miyezi 12. Amene sanamvetse masamu amenewa amadya bwino mu Juni, koma pofika Febuluwale wagulitsa tchizulo ndi njinga, kapena wagwa m'manja mwa obwereketsa ndalama za katapila.

Palinso msampha wina. M'miyezi ya njala kasitomala amabwera ndi mau okoma: "Tigwirireni ntchitoyi, tidzakulipirani fodya akagulidwa." Mmisiri wongoyamba kumene amaopa kukana, makamaka ngati wopemphayo ndi mkulu kapena mbale. Amagula penti ndi ndalama zake, nagwira ntchito. Fodya uja akabwezedwa ku msika kapena akagulidwa motchipa, mlimi amayamba walipira ngongole ya feteleza, antchito ndi galimoto, ndipo mmisiri amakhala wotsiriza pa mzere. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo si malipiro.

Amisiri amene akhalitsa pa ntchito amatsata malamulo ochepa koma olimba. Amalandira theka la ndalama asanayambe, kuti zipangizo zigulidwe ndi mwini ntchito. Amalemba pangano m'kope pamaso pa mboni. Amagula chimanga nthawi yokolola pamene chili chotchipa. Amasema ndi kusunga katundu m'dzinja kuti adzagulitse msika ukatsegulidwa. Ambiri amalowa banki m'khonde. Ndipo sataya khasu.

Tionjezepo kuti dziko la fodya likusintha. Mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa ndipo linathetsa dongosolo la matenanti m'maesiteti. Mu 2023 Malawi analowa m'pangano la bungwe la zaumoyo la WHO lochepetsa kusuta fodya. Alimi ambiri akulimanso soya ndi mtedza kuti asadalire mbeu imodzi. Mmisiri naye asadalire kasitomala wa mtundu umodzi. Sukulu, zipatala, mipingo ndi mabungwe amafuna zikwangwani ndi zithunzi chaka chonse.

Mtengo wa kutchire

M'chinenero chathu liu loti "mtengo" lili ndi matanthauzo awiri, ndipo onse awiri amamusowetsa tulo mmisiri. Tiyambe ndi mtengo wa kutchire.

Wosema amakonda mitengo yolimba ndi yokongola mkati: mlombwa, mbawa, muwanga ndi phingo. Mitengo imeneyi imatenga zaka makumi angapo kuti ifike posemedwa. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anafalikira kwambiri ku Kasungu, ndipo kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima fodya wa bale. Fodya woumitsa ndi moto amadya nkhuni zambiri, pamene wa bale amafuna milimo ndi mphanda za zigafa zimene chiswe sichichedwa kuononga. Tikaonjezapo makala, njerwa ndi minda yatsopano, tiona chifukwa chake wosema wa lero amayenda mtunda wautali kufuna mtengo umene agogo ake ankaupeza kuseri kwa nyumba.

Mayesero ake ndi oonekeratu. Mitengo yabwino yatsala m'manda, m'mapiri otetezedwa ndi m'paki. Koma kudula m'malo otetezedwa ndi mlandu. Lamulo la za nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo munthu atha kutaya zida zake, ndalama ndi ufulu chifukwa cha chipika chimodzi. Kuyambira 2017 malonda a phingo pakati pa maiko akuyang'aniridwa ndi pangano la CITES.

Mmisiri wanzeru tsono amaphunzira kusema mitengo yokula msanga monga malaina ndi jakaranda, kapena mango amene anasiya kubereka. Amatola mitengo yogwa yokha ndi zidutswa zotsala kwa akalipentala. Mlombwa amausungira ntchito yapadera imene idzakhale zaka zambiri. Koposa zonse amabzala. Wosema amene sabzala mitengo akudya mbeu ya ana ake. Sukulu kapena parishi imene ili ndi malo ingathandize kwambiri pobzala mbawa ndi mlombwa lero, ngakhale odzasemawo sanabadwe.

Mtengo wa pamsika

Mmisiri wongoyamba kumene sadziwa kutchula mtengo. Amachita manyazi, nati, "Mungondipatsa imene muli nayo." Mau amenewa agwetsa amisiri ambiri kuposa njala.

Njira yowerengera ndi yosavuta. Tiyerekeze kuti wasema mpando masiku anai. Awerenge ndalama ya chipika, ya sandipepa ndi polishi, ndi ya ulendo wa kumsika. Aonjezepo malipiro a masiku anai, osachepera amene akanalandira pa ganyu wa kumunda. Aikepo kenakake ka zida zimene zikutha. Ngati wogula akupereka zochepera pamenepo, ndiye kuti mmisiri ndi amene akumulipira wogulayo. Wolemba zikwangwani akumbukirenso kuti penti ndi maburashi zimakwera mtengo kwacha ikagwa, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mtengo wa chaka chatha sungagwire ntchito chaka chino.

Mpikisano nao ulipo. Ndowa ndi mabeseni a pulasitiki alanda malo a mitsuko, ndipo zikwangwani zosindikiza pa kompyuta zalanda makoma ena. Ku Kasungu sikufika alendo ochuluka monga ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, motero wosema ziboliboli amagulitsa kwa amalonda amene amakazigulitsanso ku Lilongwe ndi kunja pa mtengo wokwera, dzina la wosemayo osatchulidwa. Pa chifukwa ichi mmisiri azilemba dzina lake pa ntchito iliyonse, aziijambula pa foni asanaipereke, ndipo azisunga zithunzizo kuti aonetse ena. Lero kasitomala wa ku Mzuzu atha kuona ntchito pa WhatsApp n'kulipira pa foni. Oimba ndi olemba adziwenso kuti bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, lilipo kuti liteteze umwini wa ntchito zao, ndipo lamulo latsopano la umwiniwu linakhazikitsidwa mu 2016.

Amene anayenda njira imeneyi

Kodi luso lingamufikitse munthu patali? Tione zitsanzo zitatu.

Ku Mua m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher Chisale a chipani cha White Fathers anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Anasonkhanitsa amuna a m'midzi yozungulira amene ankadziwa kale kugwira kasemasema, nawapatsa malo, nthawi ndi msika. Ntchito za osema a ku Mua zili m'matchalitchi ambiri m'dziko muno, ndipo zinafika mpaka ku Munich m'dziko la Germany. Phunziro lake ndi lakuti mutu umodzi susenza denga: amisiri akakhala pamodzi amaphunzitsana, amagawana zida, ndipo wogula sawaponderezanso mmodzimmodzi.

Samson Kambalu, wobadwa mu 1975, anaphunzira ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, konkuno ku Kasungu, kenaka ku Chancellor College ku Zomba ndi ku England. Mu Sepitembala 2022 chiboliboli chake chotchedwa Antelope chinaimikidwa pa bwalo la Trafalgar Square mu mzinda wa London, ndipo chinakhalapo mpaka 2024. Chinatengera chithunzi cha 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, Chilembwe atavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayembekezeka kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Mafilimu ake afupiafupi anawatcha Nyau Cinema. Onani kuti munthu amene anaphunzira kwambiri chotere anafika pamwamba ndi nkhani za kwao, osati zobwereka.

Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni yopanga okha. Mu 2017 anaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake anayenda m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi zida zomwezo.

Tisanamizane: ambiri mwa amisiri athu sadzafika ku London. Koma sikuti amene wakhala ku Chamama moyo wake wonse, nalera ana ake ndi burashi, nakongoletsa sukulu ndi manda a kwao, walephera iai. Chofanana mwa onsewa ndi chakuti anagwira ntchito zaka zambiri asanadziwike, ndipo panapezeka munthu wina amene anaona ntchitoyo naikhulupirira.

Tichitepo chiyani?

Makolo, mwana wojambula m'kope musamukalipire ngati wakuba. Mugulireni pensulo ndi kope lapadera, koma muumirire kuti amalize sukulu, pakuti mmisiri wosadziwa kuwerenga ndi kuwerengera amadyeredwa masuku pamutu. M'mera mpoyamba. Ndipo mwana wamkazi ali ndi manja awiri ngati mlongo wake.

Ansembe ndi akuluakulu a mipingo, pamene mukufuna mtanda, guwa, ng'oma kapena chithunzi cha pa khoma, yambani mwafunsa ngati m'dera lanu mulibe wodziwa ntchitoyo musanaitanitse za kunja. Mukamupeza mulipireni mokwanira ndi pa nthawi yake. Kumuuza mmisiri wosauka kuti agwire ulele chifukwa ndi ntchito ya Mulungu, pamene wogulitsa simenti walipidwa zonse, si chilungamo.

Ife ophunzira, pa tchuthi chikubwerachi tiyeni tikacheze ndi mmisiri mmodzi wa kwathu. Tikamufunse anaphunzira kwa yani, zipangizo amazipeza kuti, ndi mwezi uti umamuvuta kwambiri. Tikamuthandize kulemba mitengo ya ntchito zake ndi kukonza kalembedwe ka mau. Ndipo amene tili ndi mphatso imeneyi tisaibise pansi pa matiresi. Bolodi la zidziwitso, masewero a pa siteji ndi masamba a magazini ino zikudikira manja athu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani ntchito zisanu za luso zimene zikupezeka m'mudzi kapena pa msika wa kwanu. Kodi amene anazipanga mukuwadziwa maina?

2. Fotokozani m'mene kalendala ya fodya imakhudzira munthu amene salima fodya. Kwanu ndi mbeu iti imene ili ndi mphamvu yotere?

3. Mmisiri wapemphedwa ndi malume ake kuti alembe dzina la sitolo mu Febuluwale, malipiro adzalandire mu Juni. Mungamulangize zotani kuti asataye chibale ndiponso asataye ndalama?

4. Wosema akusowa mlombwa pamene ana ake akufuna fizi, ndipo paki ili pafupi. Ndi njira ziti zololedwa zimene angatsate?

5. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene sukulu yathu kapena parishi yanu ingachite chaka chino pothandiza mmisiri wongoyamba kumene?